Zija ndinafunsa za kuwala kopha tizilombo toola mano

Mwezi watha ndinafunsa ngati nyali ingaphe tizilombo toola mano, kuti mwana wanga asakaboole dzino. Ndalankhula ndi dokotala wa mano, ndiye nazi zomwe ndamva.

Njirayi ilipodi, koma nyali payokha sichita kanthu. Amayamba apaka pa dzino utoto wabuluu, monga methylene blue, n'kudikira kuti ulowerere. Kenako amaunikapo kuwala kofiira kwa ma nanomita (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala) pafupifupi 660. Utotowo ukayamwa kuwalako umasandutsa okosijeni kukhala waukali, ndipo okosijeniyo amang'amba khungu la Streptococcus mutans, kachilombo kamene kamasandutsa shuga kukhala asidi wodya dzino. Si zachilendo kwenikweni: wophunzira za udokotala wina, Oscar Raab, anaona utoto ndi kuwala zikupha tizilombo ku Munich, m'dziko la Germany, kalekale mu 1900.

Povuta ndi pa zomata zija zoyera za m'mphepete mwa nkhama. Tizilombo timabisala m'kati mwake, utoto sufika pansi.

Bowo lomwe labooka kale silitsekeka ndi kuwala, choncho wangayu adzaboolabe ndi kumata. Inu amene munati nyali yabuluu ya ku chipatala ndi yomweyi, ayi ndithu: ija ndi youmitsira phala lomatira dzino.