Mlamu wanga akuti kuluza pa kubetcha ndi mayesero ochokera kwa Mulungu, ndimuyankhe bwanji?

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse a m'gulu muno. Mlamu wanga ndi munthu wopemphera koma walowerera kubetcha mpira pa foni. Asanaike tikiti amayamba wapemphera. Akaluza amati Mulungu akuyesa chikhulupiriro chake ngati Yobu, ndipo tsiku lina adzam'bwezera kawiri. Ndikamudzudzula amati ndimuonetse vesi loletsa njuga, komanso akuti ngakhale atumwi anachita maere. Ndikufuna mavesi enieni komanso zoti banja lichite, chifukwa ngongole zayamba kufika pakhomo.

Mkulu wa mpingo:
Achemwali, poyamba muvomereni pamene walondola, apo ayi mungokangana pachabe. Vesi lonena kuti "usatchove njuga" m'Baibulo mulibe. Maere nawo alimodi: mbuzi ziwiri za pa tsiku la chitetezo pa Levitiko 16:8, kugawa dziko pa Yoswa 18:10, kupeza wolakwa m'chombo pa Yona 1:7, ndi kusankha Matiya pa Machitidwe 1:26. Koma mufunseni kuti pa maere onsewa, ndani anaika ndalama zake kuti atenge za mnzake? Palibe. Anthu ankafuna kudziwa chosankha cha Mulungu pa nkhani imene inali kale m'manja mwawo. Malo amene maere akufanana ndi njuga ya lero ndi pa Yohane 19:23-24, pamene asilikali ankalimbirana malaya a Yesu pansi pa mtanda. Ndipo Matiya atasankhidwa, Chipangano Chatsopano sichitchulanso mpingo ukuchita maere.

Za Yobu ndiye akuzipotoza. Werengani naye Yobu 1:13-19. Ng'ombe ndi abulu anazitenga Aseba, nkhosa zinapsa ndi moto, ngamila anazilanda Akasidi, ana anafa nyumba itagwa ndi mphepo. Yobu sanatenge nkhosa zake 7,000 n'kukaziika pa tebulo kuti aone ngati Mulungu amubwezera. Tsoka linamupeza ali pakhomo pake. Abrahamu pa Genesis 22 nayenso sanadzipangire mayeso, anauzidwa chochita n'kumvera. Mayeso a Mulungu amafuna kumvera. Pa tikiti ya mpira, ndi lamulo liti la Mulungu limene mlamu wanu akumvera?

Vesi lomuyenera ndi Yakobo 1:13-15: woyesedwa asanene kuti Mulungu ndiye akumuyesa, pakuti munthu amakokedwa ndi chilakolako chake chomwe. M'Chigiriki liwu lakuti peirazo limatanthauza zonse ziwiri, kuyesa kofuna kulimbitsa ndi kunyengerera kofuna kugwetsa, n'chifukwa chake anthu amasokoneza ndime 2 mpaka 4 ndi ndime 13 za mutu womwewo. Ndiye muonjezere Mateyu 4:5-7. Kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi n'kumati angelo andigwira, Yesu anakutcha kuyesa Mulungu, potengera Deuteronomo 6:16. Kuika ndalama ya chakudya cha ana pa tikiti n'kupemphera kuti idutse ndi kudumpha komweko. Woyesedwa pamenepo ndi Mulungu, woyesa ndi mlamu wanuyo.

Mphunzitsi wa masamu:
Ndiikepo manambala, chifukwa anthu ambiri amaika dzina la Mulungu pa chinthu chimene kampani inawerengera kale. Tengani masewera amene mbali zonse ziwiri zili ndi mwayi wofanana. Mtengo wachilungamo (nambala imene amachulukitsa nayo ndalama imene waika ukawina) ukanakhala 2.00 mbali iliyonse, koma amakupatsani mwina 1.90. Ukaika 100 kawiri, n'kuwina kamodzi, walipira 200 walandira 190. Pa 100 iliyonse, 5 yatsala kwa eni ake, upemphere usapemphere.

Vuto limakula pa tikiti ya magemu ambiri, imene anthu amaikonda chifukwa ndalama yolonjezedwa imaoneka yaikulu. Kagawo ka kampani kaja kamachulukitsidwa pa gemu iliyonse: 0.95 (95 yobwerera kwa obetcha pa 100 iliyonse) kuichulukitsa yokha kakhumi imatsika kufika pafupifupi 0.60. Pa 100 iliyonse yoikidwa pa matikiti a magemu 10 otere, zobwerera kwa obetcha zimangokhala pafupifupi 60. Mwayi woti magemu onse 10 adutse ndi umodzi pa 1,024. Uja amadandaula kuti "yandiphera gemu imodzi yokha" sanatsale pang'ono kudalitsidwa ayi. Kulondola magemu 9 n'kuphonya imodzi kumachitika kakhumi kuposa kulondola onse, ndipo n'kumene kumam'chititsa munthu kubetchanso mawa lake.

Ena amati ukaluza uziika kawiri ya imene waluza mpaka ubweze. Yambani ndi 1, kenako 2, 4, 8. Mukaluza kakhumi motsatizana mwataya 1,023, ndipo mukufunika kuika 1,024 kuti, ngakhale pa mtengo wa 2.00, mupindule 1 yokha. Thumba limatha mndandandawo usanathe. Pa lotale yosankha manambala 6 mwa 49, mwayi wa mphoto yaikulu ndi umodzi pa 13,983,816.

Katekisiti:
Akulu a mpingo afotokoza bwino, koma tisanene ngati Akhristu onse amaphunzitsa chimodzi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 2413, amati masewera a mwayi ndi kubetcha mwa iwo okha satsutsana ndi chilungamo. Amakhala tchimo akamam'landa munthu zofunika pa moyo wake ndi wa amene amawasamalira, ndipo ndime yomweyo imachenjeza kuti chilakolako cha njuga chitha kusanduka ukapolo. Choncho ngakhale pa muyeso wofewawu, munthu amene ngongole zafika pakhomo wadutsa kale malire.

Mkulu wa mpingo:
Zoona bambo katekisiti. Kwa a Presbyterian, Katekisimu Wamkulu wa Westminster pa funso 142 amaika njuga yomwaza chuma pakati pa machimo oletsedwa ndi lamulo lakuti usabe. Amethodisti, a Seventh-day Adventist ndi a Mboni za Yehova amaikaniratu. Amene amaikaniratuwo amati phindu lako pa njuga ndi kulira kwa mnzako, palibe chimene chalimidwa kapena kupangidwa. Amatchulanso 1 Timoteo 6:9-10, Miyambo 13:11 ndi Yesaya 65:11, pamene Mulungu akudzudzula oyalira tebulo mulungu wa mwayi. Tisiyane pa raffle ya pa mpingo, koma pa nkhani ya mlamuyu tonse tikunena chimodzi.

Membala wina:
Nanga Malaki 3:10 bwanji? Pajatu Mulungu mwini akuti mundiyese.

Mkulu wa mpingo:
Akunena za kubweretsa chakhumi chonse m'nyumba yosungira, kwa anthu amene ankamana Mulungu zake. Kuyesako n'kumvera lamulo limene analipereka kale. Vesilo silikulonjeza kalikonse kwa woika ndalama pa timu ya mpira, ndipo wolonjeza kuti "ndikawina ndipereka chakhumi" akufuna kum'lowetsa Mulungu m'gawo la tikiti.

Mayi mlangizi:
Mavesi ndi abwino, koma achemwali musayembekeze kuti vesi lokha limuleketsa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limaika kulowerera njuga m'gulu la matenda, ndipo kuyambira 2013 buku la madokotala a maganizo ku America limakuika pamodzi ndi kulowerera mowa ndi mankhwala. Zizindikiro zake: kuonjezera ndalama yoika kuti amve kukoma komwe kuja, kubwerera kukabweza zoluza, kunama za kuchuluka kwa zotayika, kukwiya akayesa kusiya, ndi kudalira abale kuti am'tulutse m'ngongole.

Muyambe ndi kulankhula naye pa awiri kapena atatu, tsiku lopanda mpira, osati atangoluza kumene. Mutenge pepala, mulembe ndalama zonse zimene anatumiza ku akaunti yobetchera ndi zonse zimene anatulutsa pa miyezi itatu yapitayi. Mbiri ya pa foni imasunga zonsezi. Obetcha amakumbukira matikiti owina okha, ndiye nambala yotsala pansi pa pepalayo imalankhula kuposa inu. Kenako alembe ngongole zonse, mwini wake, kuchuluka kwake ndi chiwongola dzanja, muyambe kubweza yokwera chiwongola dzanja kwambiri.

Cholakwika chimene mabanja ambiri amachita ndi kum'lipirira ngongole zonse nthawi imodzi mwakachetechete. Akaona kuti wayera, amayambiranso, ndipo amati Mulungu wayankha. Ngati mukuthandiza, lipirani lendi kapena fizi mwachindunji kwa woyenera kulandira, ndalama isadutse m'manja mwake. Malipiro ake asunge mkazi wake kapena munthu wodalirika kwa miyezi ingapo, iye azilandira yochepa ya tsiku. Makampani ambiri ovomerezeka ali ndi njira yodzitsekera akaunti kwa nthawi yoikika. Achite zimenezo inu muli pomwepo, pa akaunti zonse, chifukwa kufufuta app kokha kumabwezeka pa mphindi ziwiri. Atulukenso m'magulu ogawana matikiti.

Akamalankhula zoti moyo watha ntchito kapena zodzipha, musadikire Lamulungu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri nonse. Kodi abusa tiwauze tsopano kapena tidikire?

Mayi mlangizi:
Mufunseni iye kaye kuti asankhe yekha mbusa kapena mkulu mmodzi amene amamukhulupirira, mupite limodzi. Zikalengezedwa pa gulu la mapemphero iye asakudziwa, adzabisa kwambiri ndi kutsegula akaunti ina pa nambala yatsopano. Ngati amasunga thumba lililonse la mpingo kapena la gulu, pamenepo pokha musadikire, apereke mabuku ndi ndalama sabata ino.