Pulogalamu ya C ikulemba bwino fayilo pa Linux, pa Windows ikuwononga

aPhiri, ku Msasa:
Akuluakulu, thandizeni. Pulogalamu ya C yosunga zogulitsa m'sitolo imagwiritsa ntchito open(), write(), lseek() ndi rename(). Pa Ubuntu, womwe ndi mtundu wa Linux, ikuyenda bwinobwino. Ikamangidwa pa Windows ndi MinGW, chida chomangira mapulogalamu a C, fayilo ikutuluka yonenepako, poiwerenga imathera panjira, ndipo rename() ikukana. Paja kuno ku Harare magetsi amathima mosatsanzika, ndiye sindikufuna fayilo yotsala theka. Ndiyambire pati?

aBanda, ku Highfield:
Achimwene, zoyamba ziwirizo gwero lake ndi limodzi. Windows imatsegula fayilo ngati mawu wamba mukapanda kuiuza. Polemba, byte ya 0x0A iliyonse (yosonyeza kutha kwa mzere) imasanduka 0x0D 0x0A, n'chifukwa chake yanenepa. Powerenga, ikakumana ndi 0x1A imayesa fayilo yathera pomwepo. Onjezani O_BINARY pa open() kuti ma byte asasinthidwe. Pa Linux kulibe, choncho ikani #ifndef O_BINARY, muipatse 0.

Chenjeraninso ndi lseek(). Pa Windows long, mtundu wa nambala yomwe lseek() imagwiritsa ntchito, ndi 32-bit ngakhale makina ali a 64-bit, ndiye fayilo ikapyola 2 GB zasokonekera. Gwiritsani _lseeki64().

Nachisale, ku Avondale:
Bambo Phiri, rename() ya Windows imakana ngati dzina latsopanolo lilipo kale, pomwe ya Linux imangolowetsa m'malo. Ena amayamba afufuta yakaleyo, koma magetsi akathima pakatipo dzina lenilenilo limatsala lopanda fayilo. Itanani MoveFileExW ndi MOVEFILE_REPLACE_EXISTING.

Lembani kaye mu fayilo yongoyembekezera mufoda yomweyo, muikankhire pa disiki, kenako musinthe dzina. Kukankhako ndiye kumasiyana: pa Linux ndi fsync(), ndipo mukasintha dzina muchitenso fsync() pa foda, pa Windows ndi _commit(). Pa macOS fsync() siyokwanira, disiki imatha kusungabe zinthuzo mu cache yake (mosungira mongoyembekezera), pamafunika fcntl() ndi F_FULLFSYNC.

aBanda:
Zoona amayi. Komanso write() salonjeza kulemba zonse mwamupatsa. Onani nambala yomwe wabweza, mubwereze zotsalazo, ndipo akabweza -1 ndi EINTR (kutanthauza kuti wadukizidwa asanalembe) muyesenso. Zonsezi zikhale mu fayilo imodzi, monga io_port.c, osati #ifdef yomwazika paliponse.

aPhiri:
Zikomo. Nanga dzina la fayilo likakhala ndi ŵ, monga Malaŵi?

Nachisale:
Sandutsani dzinalo kuchoka mu UTF-8 kukhala UTF-16, kalembedwe ka zilembo komwe Windows imagwiritsa ntchito, ndi MultiByteToWideChar, mutsegule ndi _wopen().