Ndayamba kudzipereka pothandiza ana aulumali kusukulu, ndithandizeni maganizo

Wongoyamba_kumene:
Moni nonse. Ndili ndi funso koma ndiyambe ndafotokoza kaye. Kwa miyezi iwiri tsopano ndimapita Lachiwiri ndi Lachinayi kukathandiza ngati volontiya mukalasi ya ana ofunika chithandizo chapadera pophunzira, sindine mphunzitsi ayi, ndimangothandizira. Mkalasimo muli mnyamata wa zaka 11 amene ali ndi cerebral palsy, manja ake amanjenjemera komanso mawu amatuluka movutikira, nde ine kuyambira tsiku loyamba ndinkangomuchitira chilichonse, kumutsekulira chikwama, kumugwirira pensulo, akayamba kulankhula ndinkamumalizira mawu, ndipo ndinkamuyankhula ngati khanda. Wiki yatha tikupanga masamu ndinamulembera yankho yolakwika mkope mwake, iye anamenya desiki mpaka ndinasiya, anatenga kanthawi ndithu koma ananena yankho yolondola, kenako anati "muzidikira". Mawu amenewo sakundichoka mmutu. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyi ndinkamuona ngati mwana wosamva zinthu pomwe amamva zonse.

Funso langa nlakuti mumadziwa bwanji nthawi yothandiza ndi nthawi yomusiya mwana apange yekha? Chinanso, anthu ondizungulira amanena zambiri, ena akuti ndikutaya nthawi ana oterewa sangaphunzire kanthu, ena akundiopseza kuti nditenga khunyu poti muli mtsikana wina amagwa. Ndiziwayankha bwanji osakangana nawo?

Aphunzitsi_akale:
Achemwali, mwanayo wakuphunzitsani kale phunziro lalikulu la ntchito imeneyi, ine zinanditengera zaka kuti ndilimvetse. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mukamufunsa funso werengani chamumtima mpaka 10 musananene kalikonse, poyamba zimaoneka ngati nthawi yayitali kwambiri ndipo pakamwa pamayabwa, koma mudzaona kuti mayankho ambiri amabwera pa 7 kapena 8. Ndipo musanagwire chinthu chake chilichonse, kaya chikwama kaya njinga yake, funsani kaye kuti ndikuthandize? Akakana, wakana basi, olo atenge maminitsi asanu kutsekula zipi. Ngati simunamve zomwe wanena osanamizira kuti mwamva, muuzeni abwereze, ana amazindikira msanga munthu wongogwedeza mutu.

Cerebral palsy imabwera ubongo wa mwana ukavulala akadali mmimba, pobadwa monga ngati mpweya unamuchepera, kapena ali wakhanda chifukwa cha matenda ngati oumitsa khosi (meningitis) kapena chikasu chachikulu. Chimene chimakhudzidwa kwambiri ndi kayendetsedwe ka thupi, nchifukwa chake manja ndi lilime zimavuta. Ena amavutikanso kuphunzira inde, koma ambiri nzeru zawo zili bwinobwino, kungoti anthufe timayeza nzeru potengera liwiro la pakamwa.

Za khunyuzo auzeni mosapsatira kuti sapatsirana, kaya mmalovu kaya pokhudzana. Ndi vuto la mmene ubongo umatumizira mauthenga ake, ndipo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lapansi, amati padziko lonse pali anthu pafupifupi 50 miliyoni amene ali nalo, komanso kuti 7 mwa 10 aliwonse atha kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Inuyo chofunika mudziwe chochita mtsikanayo akagwa, chotsani mipando ndi zinthu zomwe zingamuvulaze, ikani chofewa kumutu, musamupanikize, musamuike supuni kapena chala mkamwa, kugwedezekako kukatha mugonekeni chammbali ndipo yang'anani wotchi, zikapitirira maminitsi 5 nkofunika achipatala mwachangu. Akatsitsimuka musalole anzake amuunjirire, manyazi amenewo amapweteka kuposa kugwako.

Make_Mtsikana:
Ine ndine kholo, mwana wanga ali ndi Down syndrome, pano ali ndi zaka 14. Zikomo achemwali pofunsa, ambiri safunsa. Ine ndikupemphani chinthu chimodzi chokha, musakhale ngati mame. Mavolontiya tawaona ambiri, amabwera ndi chisangalalo, amakumbatira ana, amajambula zithunzi nkuika pa Facebook osatifunsa makolo, pakatha mwezi zii osatsanzika nkomwe, ndiye mwana wanga amakhala akufunsa kuti anti aja ali kuti kwa masabata ndipo ine ndimasowa chomuyankha, mpaka amayamba kuganiza kuti anawalakwira. Ngati mungakwanitse tsiku limodzi lokha pa wiki nenani limodzilo koma muzibwera, ndipo tsiku lomwe mudzasiye mudzawauze anawo pamaso. Zithunzi ayi pokhapokha kholo ndi mwanayo avomera.

Komanso pali kamaganizo kena komwe kamaoneka kabwino koma kamandiwawa, akuti ana a Down amangosangalala nthawi zonse, ndi angelo. Wanga amakwiya, amachita makani, amanama kuti wamaliza homuweki, ndi mtsikana wa zaka 14 ngati wina aliyense. Ndiye akalakwa mudzudzuleni ngati anzake, osamusekerera poti ndi wolumala, chifukwa kumusekerera ndi kumuuza kuti palibe chomwe mukuyembekezera kwa iye.

Atabadwa anthu ananena zambiri, ena ankati ndi temberero, ena kuti pali chomwe ndinalakwitsa ndili woyembekezera. Ndinalira zaka. Amene anandimasula ndi dokotala wina yemwe anakhala nane pansi nkundifotokozera kuti anthu ambiri ali ndi ma chromosome 46 (tinthu ta mthupi tonyamula zomwe timatengera kwa makolo) pomwe mwana wanga ali ndi 47, chifukwa ya nambala 21 ilipo itatu mmalo mwa iwiri, ndipo zimachitika pomwe mimba ikungoyamba kumene, palibe chomwe mayi wadya kapena wachita. Nchifukwa chake tsiku lokumbukira Down syndrome padziko lonse analiika pa 21 March, mwezi wachitatu. Pano amawerenga, pang'onopang'ono koma amawerenga.

Nyenyezi92:
Kwa amene akuti sangaphunzire aja muziwapatsa zitsanzo. Helen Keller sankaona komanso sankamva koma anamaliza digiri ku koleji ya Radcliffe ku America mu 1904. Stephen Hawking ankalankhula kudzera pa kompyuta koma anali katswiri wa sayansi wodziwika dziko lonse. Ulumali sikulephera!

Wowerenga_ndi_zala:
A Nyenyezi ndikumvetsa cholinga chanu ndipo zomwe mwanenazo nzoona, koma mundilole nditsutseko pang'ono ngati munthu wosaona. Ndinasiya kuona ndili ndi zaka 9, uthengawu ndikulemba pafoni yomwe imandiwerengera zomwe zili pa sikirini. Vuto la zitsanzo za anthu otchukawa nlakuti zimakhala ngati tikuti mwana waulumali ayenera kukhala wodabwitsa kuti tione phindu lomuphunzitsa. Nanga amene sadzafika ku yunivesite, amene adzangophunzira kuwerenga ndalama, kusamba yekha ndi kunena kuti ayi wina akamamugwira posayenera? Ameneyonso sukulu ndi ufulu wake, sikuti tikumukomera mtima. Mgwirizano wa UN wa ufulu wa anthu aulumali womwe unavomerezedwa mu December 2006 umanena zimenezi mu gawo 24, kuti ana aulumali asapatulidwe pa maphunziro chifukwa cha ulumali wawo ndipo apatsidwe zowathandiza.

Ine chomwe chinkandilepheretsa kusukulu si maso ayi, anali mabuku omwe sanali mu Braille (zilembo zowerenga ndi zala) komanso aphunzitsi ena olemba pa bolodi osatchula zomwe akulemba, amangoti "ichi kuphatikiza ichi". Atabwera munthu wodzipereka yemwe ankangokhala pambali panga nkumandiwerengera za pa bolodi, magiredi anga anasintha teremu yomweyo. Ndipo anthu amaiwala kuti amene anatipangira Braille si munthu woona wotimvera chisoni. Louis Braille anabadwa ku France mu 1809, anavulala diso ali ndi zaka 3 pamalo pomwe bambo ake ankagwirira ntchito nkusiya kuona, ndipo pofika 1824 ali ndi zaka 15 anali atakonza kale zilembo za timadontho 6 tomwe timasanjidwa mnjira 63. Mwana wasukulu wosaona ndi amene anapeza njira, chifukwa ndi iye ankadziwa chomwe zala zimatha kumva. Nde achemwali mukasowa chochita funsani mnyamatayo, ali ndi zaka 11 akukhala mthupi limenelo, akulidziwa kuposa tonsefe pano.

Za anthu onyozawo ine sindimalimbana nawo kwambiri. Ndimangowakumbutsa kuti lungalunga mpobadwa chilema chichita kudza, ine ndemwe ndinabadwa ndikuona. A WHO amati munthu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko ali ndi ulumali, anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, ndiye si nkhani ya anthu ena akutali. Koma chomwe chimasintha munthu kwenikweni si mtsutso, ndi kukumana. Mukamawafotokozera za kukalasi musamati "ana aja", nenani kuti kuli mnyamata wina wamasamu anandikonza yankho.

Nyenyezi92:
Zikomo achimwene, sindinaganizepo choncho. Ndamva.

Wongoyamba_kumene:
Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Amayi, zithunzi ndinali nditaika kale ziwiri pa sitetasi, ndazichotsa ndipo ndikapepesa kwa aphunzitsi ndi makolo. Lachinayi ndinayesa zowerenga mpaka 10 zija, ndinamufunsanso mnyamata uja kuti ndi ziti akufuna ndizimuthandiza ndi ziti ndizimusiya. Anati chikwama ndi pensulo ndizimusiya, koma ndizimugwirira kope kuti isamasunthe akamalemba, chinthu chomwe ine sindinachiganizepo nkomwe. Aphunzitsi ati tipeze tepi yomatira kopeyo pa desiki kuti azitha kulemba ngakhale masiku omwe ine kulibe. Aphunzitsi_akale, mkalasimo mulinso mwana wina wosamva ndipo ndikufuna kuyamba chilankhulo chamanja, ndamva kuti dziko lililonse lili ndi chake ndiye mavidiyo a pa intaneti atha kundisocheretsa, kodi ndiyambire pati?