Ana a MA akukhoza ethics pa pepala koma ku OPD chinsinsi chikutayika, tiwaphunzitse bwanji?

Mphunzitsi, Thyolo
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kalasi ya ma medical assistant (ma MA), gawo la ethics (khalidwe loyenera pantchito) ndi malamulo a zachipatala. Pa pepala anawa ali bwino kwambiri, ukawafunsa autonomy (ufulu wa wodwala wosankha yekha), beneficence (kumuchitira zabwino), non-maleficence (kusamuvulaza), justice (chilungamo) amalakatula ngati ndakatulo. Koma zomwe zikuchokera ku attachment, komwe amakaphunzira ntchito mzipatala, zikundisowetsa mtendere. Wina ali pa OPD, pomwe amaonera odwala osagonekedwa, kunabwera kapitawo wa ku esiteti kudzafunsa za mayi wina wothyola tiyi yemwe anajomba sabata yonse, mwana uja anatsegula buku lakuchipatala la mayiyo nkumuwerengera kapitawo zonse, mpaka zoti ali pa ma ARV. Atafunsidwa akuti amafuna kuwathandiza mayiwo kuti asachotsedwe ntchito. Mtima wabwino ndithu koma chinsinsi chapita, ndipo mwana yemweyu funso la confidentiality anakhoza lonse. Ma period atsala ochepa asanapitenso ku practical. Ndisinthe chani?

CO (clinical officer) wamkulu, Mulanje
Achimwene anawo sakuopa, vuto ndi limenelo. Amaona ngati ethics ndi nkhani ya makhalidwe abwino basi, yoti ukalakwitsa a in-charge akukalipira nkutha. Auzeni poyera kuti akamaliza akalembetsa ku Medical Council of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa ndi Medical Practitioners and Dentists Act ya 1987, ndipo Council yomweyo ili ndi mphamvu zokuyitana, kukuyimitsa, ngakhale kukufufuta mkaundula. Ndiye nkhani ya kapitawoyo ili ndi lamulo lakelake, HIV and AIDS Prevention and Management Act ya 2018, kuulula status ya munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu. Gawo 21 la Constitution likunenanso za ufulu wa chinsinsi. Apatseni malamulowo awerenge okha ndi maso awo, osangoti manotsi ayi.

Sister wa ku mateniti, Mulanje
Bambo CO zamalamulozo ndikugwirizana nazo koma mantha okha sangamuthandize mwana uja. Taganizani, kapitawo ndi munthu wamkulu, mwina msinkhu wa bambo ake, wayima pakhomo akumutchula kuti adokotala. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno sayankha wamkulu kuti sindikuuzani. Ndiye ngakhale lamulo akulidziwa, pakamwa pake palibe mawu achichewa oti akanire mwaulemu, zonse anaphunzira mchizungu. Ine ma student anga ndimawapatsa mawu enieni ndipo amawabwereza mpaka azolowere lilime: "Bambo pepani, za matenda a munthu timauza mwini wake yekha. Chomwe ndingakupatseni, mayiwa akavomera, ndi kalata yoti anaonedwa kuchipatala kuno ndipo akufunika kupuma masiku akuti." Basi. Kapitawo wapeza chomwe amafuna, mayi ntchito yawo ili pomwepo, matenda sanatchulidwe.

Mphunzitsi, Thyolo
A Sister apa mwandigwira mtima. Mayeso onse ndi achizungu, ma case omwe ali mmanotsi ambiri ndi a kunja, za ventilator ndi ma insurance, pomwe mwanayu akapita ku health centre komwe iye ndi amene adzakhale wamkulu wa zonse.

In-charge wa health centre, kumalire
Ndilowepo ine amene ndimawalandira anawa. MA akangomaliza nthawi zambiri amaponyedwa kumudzi, dokotala kulibe, CO kulibe, pali iye, anamwino ndi ma HSA (azaumoyo a mmidzi), netiweki yoti ayimbire ku boma nthawi zina mpaka akwere pachulu. Ndiye chomwe ndikupempha musawaphunzitse kuti achibale ndi adani a autonomy. Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwinimbumba ndi malume, mayi akadwala kwambiri mwamuna yekha amaopa kuvomera rifero, yotumiza wodwala ku chipatala chachikulu, asanamve kwa alamu ake, chifukwa zikavuta ku boma amufunsa kuti unamutenga ndi chilolezo cha ndani. Ndinalandirapo student wina wochenjera bwino, anawatulutsa malume panja nkuwauza kuti inu sizikukukhudzani, banja lonse linakwiya nkunyamula wodwala usiku kupita naye kwa asing'anga. Pa lamulo sanalakwe, wovomera ndi wodwala mwini ngati ndi wamkulu ndipo mutu ukugwira. Koma wodwala tinamutaya mmanja.

Njira yake ndi yoyamba wafunsa wodwalayo ali yekha, ngakhale mphindi ziwiri kuseri kwa katani, kuti mayi mukufuna ndani akhalepo tikamakambirana, ndipo pali zina zomwe simukufuna amve? Akasankha okha kuti malume alowe, malume alowe, muwapatse mpando, muwafotokozere, koma chala pa fomu adinde ndi mayi. Enanso amachokera tsidya la Mozambique kudzera pa Muloza, Chichewa chawo nchochepa, womasulira amakhala gadiyani yemweyo, pamenepo napo chinsinsi chimadutsa mkamwa mwa munthu wina. Student aziganiza kaye asanamuyitane gadiyani kudzamasulira za kumaliseche kapena za magazi, ngati pali wantchito wodziwa Chilhomwe ayitane ameneyo.

Sister wa ku mateniti, Mulanje
Eya, komanso mbali inayo ilipo. Mayi wabwera yekha kudzafuna jakisoni wolera kapena implant, student nkumubweza kuti mukabwere ndi bambo akunyumba. Gender Equality Act ya 2013 ikunena kuti wachipatala apereke njira zolera posayang'ana kuti munthu ali pabanja kapena ayi, kapena kuti wabwera ndi mwamuna wake. Ambiri sadziwa kuti ili ndi lamulo, amaona ngati ndi pempho la ma NGO. Chimodzimodzi mwana wa zaka 13 atha kuyezetsa HIV popanda kholo, koma amabwezedwabe. Izi ziwiri zisasowe mkalasi mwanu chonde.

CO wamkulu, Mulanje
Chabwino ndamva, ndiye tiphatikize. Case iliyonse ya sewero ikatha, afunsidwe kuti lamulo lake ndi liti ndipo ulemba chani mbuku. Kulembako ndikulimbikira chifukwa tsiku lomwe nkhani ifike kwa hospital ombudsman (wolandira madandaulo a odwala) kapena ku khoti palibe adzafunse kuti mtima wako unali wotani, adzatsegula fayilo. Wodwala wa Mboni za Yehova wakana kuikidwa magazi, pomwe magazi ake (Hb) ndi ochepa, ndi wamkulu ndipo akumva bwinobwino, sungamukakamize, koma lemba nthawi, zomwe wamufotokozera, kuti wamuuza kuti atha kumwalira, asayine, mboni isayine, ndipo upitirize kumuthandiza ndi zina zonse zomwe wavomera, osamunyanyala. Akakhala mwana makolo ndi amene akukana, imeneyo ndi nkhani ina, MA asalimbane nayo yekha, ayimbire DMO, dokotala wamkulu wa ku boma, ndi a social welfare nthawi yomweyo.

Ina yomwe amasokoneza kwambiri ndi ya mtsikana wogwiriridwa. Amamubweza kuti akatenge kaye kalata ya kupolisi. Ayi. Thandizo liyambe, PEP (mankhwala oteteza ku HIV) ndi ya mkati mwa maola 72 ndipo maolawo sadikira kalata, apolisi a Victim Support adziwitsidwa pambuyo pake kapena nthawi yomweyo. Ndipo pa lipoti alembe zomwe waona ndi zomwe wauzidwa, asalembe chigamulo ngati iye ndi majisitireti.

Mphunzitsi wina, Luchenza
Ine ndiwonjezere za mafoni. Anawa ali ndi magulu awo a WhatsApp, akaona bala lachilendo kapena mwana wobadwa ndi chilema amajambula kuti anzawo aphunzire, nkhope abisa koma chitenje chikuoneka, buku lili pambali dzina likuwerengeka. Kumudzi chitenje chokha anthu amadziwa kuti ndi cha uje. Muwafunse mkalasi, aliyense atsegule gallery yake payekha, osaonetsa mnzake, awerenge zithunzi za odwala zomwe ali nazo ndipo ndi zingati zomwe anapempha chilolezo. Mkalasi mumakhala zii, ndipo phunziro limalowa kuposa slide iliyonse.

Koma achimwene chinthu chimodzi, ngati sizili pa mayeso sazitenga. Ikani station imodzi ya Chichewa, yamamalikisi ake, pa OSCE, mayeso aja a practical oyenda station ndi station.

Mphunzitsi, Thyolo
Zikomo nonse, ndakonza chonchi. Lecture ya ma principle ndiifupikitsa, akuidziwa kale. Ma period otsalawo akhala a sewero, awiriawiri kutsogolo, Chichewa chokhachokha, wina MA wina kapitawo, kenako malume ndi rifero, mayi wa kulera wobwera yekha, wa Mboni, ndi mtsikana wopanda kalata ya kupolisi. Sewero likatha aliyense alembe mbuku lakuchipatala lenileni zomwe akanalemba, ndapempha akale osalembedwa, kenako atchule lamulo monga anenera a CO. Mipando ndiyika ngati pa OPD yeniyeni, anzawo akhale pa benchi pafupi ndi chitseko kuti aone okha kuti mawu amamveka mpaka pati. Za OSCE ndikakamba ndi a head of department Lolemba. Mwana wa nkhani ya kapitawo uja ndalankhula naye payekha, nkhani yake siyitchulidwa mkalasi mwanjira yoti anzake amuzindikire, ndisintha zonse.

In-charge wa health centre, kumalire
Pa malumepo musaike student, amasewera mofewa chifukwa ndi anzake. Pezani munthu wamkulu weniweni, kaya mlonda kaya a ground labour a pa koleji, wa imvi zake, alankhule mmene amalankhulira malume akakwiya. Ndipamene muone ngati mawu a Sister aja akutuluka.

Sister wa ku mateniti, Mulanje
Lachinayi ndili off, ngati minibasi sizivuta ndibwera ndidzakhale mayi wa kulera uja. Achimwene munditumizire nthawi ku inbox, komanso ma case asanuwo ndiwaone kaye usiku uno.