Chipinda chakumapeto kwa holo: nkhokwe ya feteleza kapena kalasi ya zithunzi?

Wapampando: Mwaswera bwanji abale nonse. Holo yathu yangotsala zitseko ndi pulasitala. Koma za chipinda chakumapeto chija sitinagwirizanebe. Ena akuti tizisungiramo feteleza wa makalabu, ena akuti achinyamata aziphunziriramo kujambula zithunzi. Tisanakumane Loweruka, aliyense ayankhulepo.

Msungichuma: Ine ndinanena kale, a Wapampando. Nkhokwe izitipatsa ya lendi mwezi ndi mwezi. Kujambula mwana aliyense akujambula ndi foni, nanga tikamuphunzitsanso chiyani?

Mayi a ku Ohio: A Msungichuma, funso lanu ndi labwino, ndiloleni ndiliyankhe ndi mbiri ya munthu wina wakuno. Kufupi ndi mzinda wa Columbus kuno ku America komwe ndikukhala kuli tauni ya Newark. Kumeneko kunkakhala bambo Clarence H. White, obadwa mu 1871. Iwowa anali kalaliki wolemba mabuku a ndalama m'sitolo yopikulitsa zakudya, ndipo kamera anayamba kuigwira mu 1893 popanda wowaphunzitsa.

Nthawi imeneyo ankajambulira pa timagalasi, ndipo malipiro awo ankangokwanira kugula tiwiri pa sabata. Zithunzi ziwiri zokha sabata yonse! Ndiye ankati akaganiza chithunzi, amachisinkhasinkha masiku angapo: munthu aime pati, kuwala kuchokere mbali iti. Ankadzuka m'mbandakucha, n'kutenga mkazi wawo Jane ndi azichemwali ake kupita nawo kumunda wa zipatso, kujambula dzuwa lisanakwere, kenaka n'kuthamangira kuntchito. Zithunzi zimenezo n'zimene zinawatchukitsa mpaka ku Ulaya, ndipo mu 1902 anali m'gulu la anthu amene anayambitsa Photo-Secession, bungwe lolimbikitsa kuti kujambula zithunzi kuzionedwa ngati luso lenileni, pamodzi ndi wojambula mnzawo Alfred Stieglitz. Ana athu amajambula zithunzi zambirimbiri tsiku limodzi, koma palibe anawaphunzitsa kuima kaye n'kuyang'ana. Chophunzitsa n'chimenecho.

Msungichuma: Mwafotokoza bwino mayi, koma mwanena nokha kuti anadziphunzira okha. Ndiye kalasi ndi yachiyani?

Mayi a ku Ohio: Eya, koma iwo eni sanafune kuti ena avutike chimodzimodzi. Mu 1898 anasonkhanitsa anzawo a m'tauni momwemo n'kuyambitsa Newark Camera Club. Atasamukira ku New York mu 1906, chaka chotsatira anayamba kuphunzitsa pa Columbia University, ndipo mu 1914 anatsegula sukulu yawoyawo. Kaphunzitsidwe kake n'komwe kanandigwira mtima. Ankapatsa ophunzira ntchito yoti akajambule, akabwera nazo onse amakhala pansi n'kuunika chithunzi chimodzichimodzi. Sankakakamiza munthu kujambula ngati iwo. Anaitananso Max Weber, katswiri wopenta, kuti aziwaphunzitsa kayalidwe ka zinthu m'chithunzi. Ndipo amayi anali ambiri m'makalasi mwawo. Dorothea Lange, amene anajambula mabanja osauka a ku America m'zaka za m'ma 1930, anadutsa m'manja mwawo. Laura Gilpin ndi Doris Ulmann chimodzimodzi.

Achimwene a ku Joni: Mayi, mwaiwala mmodzi, Margaret Bourke-White. Nayenso anaphunzirako kwa bambo amenewa. Mu 1950 anabwera kuno ku Johannesburg, anatsika m'mgodi wa golide n'kujambula anthu akuda awiri thukuta lili kamukamu. Nditachiona chithunzicho ndinakhala chete nthawi yaitali. Agogo anga aamuna anapita ku migodi pa Wenela, anagwira ntchito yomweyo, koma ife tilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi ali kumeneko. Tsiku la maliro awo tinasakasaka choika pabokosi, tinangopeza kakang'ono ka pachiphaso, nkhope yosaonekanso bwino. Mpaka lero zimandiwawa. Agogo amene atsala kumudzi atijambulire ndani? Chinamwali, kukolola, kuumba njerwa za holo yomweyi, zonsezi zikungodutsa. Ine ndili kumbali ya kalasi, ndipo kamera imodzi ndigula ndine.

Msungichuma: Pepani achimwene, nkhani ya agogo yandikhudza. Komabe ine ndimasunga thumba lanu, ndiyenera kufunsa. Ophunzira a ku New York ankalipira fizi. Athuwa adzalipira chiyani? Mphunzitsi tidzamudyetsa chiyani? Tisaiwale makina osokera aja, tinagula ndi chimwemwe, mphunzitsi atachoka anangochita dzimbiri.

Aphunzitsi opuma: A Msungichuma akunena zoona, tisawaone ngati otsekereza. Ine ndagwira choko zaka zambiri, ndikudziwa kuti kalasi ndi mphunzitsi, chipinda chimabwera pambuyo. M'mbiri yomwe atiuza mayiyi, chimene ndamva ine ndi munthu wopirira amene ankakhala pansi ndi wophunzira aliyense. Tikapeza wotere, ngakhale pansi pa mtengo wa mango aphunzitsa. Tikapanda kumupeza, makamera atsatira makina osokera.

Mayi a ku Ohio: Ndikuvomera, aphunzitsi. Bambo White anamwalira mu 1925 ku Mexico City ali ndi zaka 54, ali paulendo ndi ophunzira awo. Sukulu sinafe nawo chifukwa mayi Jane anaipitiriza. Ifenso tisadalire munthu mmodzi. Amene tidzamupeze ayambe ndi kuphunzitsa awiri oti adzamulowe m'malo.

Mtsikana wa Fomu 4: Zikomo makolo pondilola kuyankhula. Ife tikafuna chithunzi cha pachiphaso timakwera kabaza mpaka kuboma. Pa chinkhoswe ndi ukwati, wojambula amachokeranso komweko, ndipo ndi mwamuna nthawi zonse. Tilipo atsikana amene tikufuna kuphunzira. Tikamajambula maukwati tikhoza kumabweza kangachepe ku thumba la gulu.

Msungichuma: Mwana wanga, pamenepo wayankhula zomveka. Koma chipinda chisagawidwe pawiri ayi, feteleza amakoka chinyezi, awononga makamera. Tisankhe chimodzi. Ndipo ine sindisayina kalikonse ndisanaone mphunzitsi ndi maso angawa.

Wapampando: Zamveka. Aphunzitsi, mutifufuzire wojambula wa kuboma amene angavomere kubwera kawiri pa mwezi, mumufunsenso mtengo wake. Achimwene a ku Joni, mutitumizire mtengo wa kamera ija. Iwe mwana, lemba maina a anzako onse ofuna kuphunzira, ubwere nawo Loweruka 2 koloko masana ku holo.