Mng'ono wanga ali ndi chotupa cholimba kumachende koma sichipweteka

Wa ku Makawa:
Pepani akuluakulu, ndinena mosapsatira. Mng'ono wanga wa zaka 27, msodzi wa usipa, wandiululira kuti tchende lake lakumanzere lakula ndipo m'kati mwake muli kachotupa kolimba ngati mwala. Ululu akuti palibe, kumangomulemera akamakoka chilimira. Anzake a m'boti akuti ndi phudzi, amalume akufuna akamuteme mphini. Kuchipatala akukana, akuti akakamuchotsa tchendelo ndiye kuti umuna wake wathera pomwepo, chonsecho wangokwatira chaka chatha. Amene munadutsamo, ndithandizeni.

Che Namwera:
Phudzi limenelo achimwene, musade nkhawa. Bambo anga anali nalo, anawachita opaleshoni pa boma, lero akulima fodya.

Kiliniko ofesa wopuma, Mpondasi:
Che Namwera, ndikupemphani tisathamangire. Phudzi la madzi limakhala lofewa, ndipo mukaliwunikira tochi mumdima kuwala kumadutsa. Lija lotsika matumbo limabwerera m'mimba munthu akagona chagada. Koma chotupa cholimba, chosapweteka, chomera pa tchende penipenipo kwa mnyamata wa msinkhu umenewu, ife timachiganizira khansa kufikira sikani itanena zina. Khansa imeneyi imakonda anyamata a zaka za pakati pa 15 ndi 40, ndipo kusapwetekako ndi kumene kumawachedwetsa.

Apite pachipatala chachikulu cha Mangochi akamuone. Chofunika ndi sikani, komanso kuyeza magazi kuti aone zizindikiro za khansayi zotchedwa AFP, beta-hCG ndi LDH, ndipo akaona kuti n'kofunika adzamulembera kalata ya ku Zomba Central kapena ku Queens. Zikaoneka kuti ndi khansa, madokotala sabaya singano kapena kudula kachidutswa pachikopapo, poopa kuimwaza. Amachotsa tchende lonselo kudzera m'mphechepeche, n'kukaliyeza. Mphini za amalumezo ayi ndithu, zingowonjezera bala.

Za umunazo mumuuze chonchi: tchende limodzi lotsalalo nthawi zambiri limakwanira, m'nyumba amagona bwinobwino ndipo ana amabereka. Chimene chimachepetsa mbeu ndi kemo, mankhwala a m'dripi monga cisplatin, choncho ngati adzafunike adzakambirane ndi adokotala asanayambe. Komatu pa khansa zonse, iyi ndi imodzi mwa zomvera mankhwala kwambiri, ngakhale itafalikira.

Mayi wa ku Malindi:
Zongoganizirazi zinatsala pang'ono kundilanda mwamuna. Abambo akwathu ankakodza magazi, tonse tinati likodzo, nanga wa kunyanja ndani sanadwalepo? Anamwa praziquantel, magazi n'kusiya, kenako n'kuyambiranso, tsopano ndi kupweteka m'nthiti cha kumsana komanso kuwonda, mpaka lamba anabowola malo ena. Sikani ndi imene inapeza chotupa mu impso. Anachotsa impso yonseyo ku Blantyre, akukhala ndi imodzi, amangopita kukaonedwa. Ndinaona konko ana ang'onoang'ono otupa mimba mbali imodzi, akuti nayonso ndi khansa ya impso, ya Wilms. Musamudikire kuti avomere yekha, mumuperekeze.

Mnyamata wa Monkey Bay:
Koma ife a ku jando khansa za kumalo obisika zimatigwira? Ine ndinamva kuti mdulidwe umateteza.

Kiliniko ofesa wopuma, Mpondasi:
Umachepetsa khansa ya pa chida, makamaka munthu akadulidwa ali mwana, koma ya machende ilibe nazo ntchito zimenezo. Ya pa chidayo imayenderana ndi kachilombo kopatsirana pogonana ka HPV, khungu lokanika kubwerera m'mbuyo, fodya, ndiponso HIV. Bala kapena njerewere ya pamenepo yosapola mutamwa mankhwala a matenda opatsirana imafunika kudula kachidutswa n'kukayeza. Ofika msanga amangowachotsa pamene pali bala, ochedwa ndi amene amadulidwa mbali yaikulu.

Wa ku Makawa:
Zikomo nonse. Ndamuwerengera zonsezi pa foni, anangoti zii, kenako wavomera tikwere Lolemba m'mawa. Mlamu wanga sanamuuzebe. Titenge chiyani?

Kiliniko ofesa wopuma, Mpondasi:
Buku lake la kuchipatala. Ndipo mufunse mayi anu ngati ali khanda machende onse anatsika bwino, chifukwa losatsika limawonjezera chiopsezo ndipo adokotala adzafunsa. Mlamu wanuyo ndi bwino apite nawo, nkhani ya ana akaimvere limodzi.