Kodi UPS ndigule, kapena Word ingokwanira kubweza zolemba?

Mayi wa shopu yotayipa: Abale ndithandizeni maganizo. Dzulo ndimatayipa lipoti la kasitomala, magetsi anangothima. Atayaka, Word inabwezadi chikalatacho, koma tsamba limodzi ndi theka lakumapeto kunalibe. Ndinachita kuyambiranso kasitomala ali chiimire. Mwana wa mchemwali wanga akuti ndigule UPS, chipangizo chosunga magetsi kuti kompyuta isazime magetsi akathima, koma ndalama yake sinditola pansi. Ndi yofunikadi?

Wokonza makompyuta: Amayi, musanatulutse ndalama lowani pa File, kenako Options, kenako Save. Muona AutoRecover, yomwe imasunga yokha zomwe mukulemba. Word imabwera itaikidwa kuti izisunga pakatha mphindi 10 zilizonse, ndiye zomwe munatayipa isanasungenso ndi zomwe zinapita. Ikanipo mphindi 1 kapena 2. Ngati chikalata simunachipatse n'komwe dzina, yang'anani pa File, Open, Recover Unsaved Documents. Zonsezi n'zaulere.

Aphunzitsi: Achimwene mwanena zoona, koma mwangoteteza zolemba, makina mwawasiya pamtetete. Desktop ikamazimitsidwa mwadzidzidzi tsiku ndi tsiku, mafayilo amawonongeka, ndipo tsiku lina Windows imakana kudzuka. Kwathu zinatichitikira mayeso atatsala masiku awiri. AutoRecover ikanatithandiza chiyani kompyuta yosayaka? Komanso magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola. UPS yaing'ono ya 650VA imakupatsani mphindi zochepa, koma zokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Ine ndikuti gulani.

Wophunzira ku koleji: Bwanji osangolembera pa Google Docs? Imasunga yokha mukamalemba.

Mayi wa shopu yotayipa: Mwanawe, bandulo ya tsiku lonse ndiigula ndi chiyani? Komanso makasitomala amabwera ndi fulashi, amafuna za Word.

Wokonza makompyuta: AutoSave ya Microsoft 365 nayonso ndi chimodzimodzi, imafuna fayilo ikhale pa OneDrive, malo osungira mafayilo pa intaneti, kotero intaneti ndi yofunika. Aphunzitsi, sindikukana UPS, koma anthu adziwe malire ake. Kompyuta ikaundana yokha kapena ikaonetsa blue screen, sikirini yabuluu ija yosonyeza kuti Windows yasokonekera, UPS ilibe chochita, chokupulumutsani ndi AutoRecover ndi chala chozolowera kudina Ctrl+S kuti musunge zolemba. Chinanso chomwe ogulitsa sanena: mkati mwake muli batire ya 12V yomwe imatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kumene magetsi amathimathima imafooka msanga. Ndaonapo ambiri atagula yakale, tsiku la mdima n'kuzima limodzi ndi kompyuta.

Aphunzitsi: Pamenepo tagwirizana. Yakale musagule osaiyesa. Muilumikize ku kompyuta, muzule pakhoma, muone ngati ikugwira.

Wophunzira ku koleji: Kapena musunge ndalamazo mudzagule laputopu, batire ili momwemo.

Mayi wa shopu yotayipa: Laputopu ndi yapatali kwa ine, ndipo kiyibodi yake sindiizolowera. AutoRecover ndasintha pompano, ndaika mphindi 2. Koma zoti Windows ingakane kuyaka zandiopsa, chifukwa mafayilo a makasitomala onse ali m'menemo. Mwezi ukatha ndigula UPS yatsopano. Nanga printa ndilumikizenso pomwepo?

Wokonza makompyuta: Ayi amayi, makamaka ngati ndi ya laser. Imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa, UPS yaing'ono singapirire. Lumikizani kompyuta ndi sikirini basi. Mafayilo a makasitomalawo muziwakoperanso pa fulashi Loweruka lililonse musanatseke shopu.